Mzukwa Wamasana wa ku Wattville

Tionge anali atasaka mizukwa zaka zinayi zathunthu osaonapo ndi umodzi womwe, koma zimenezi sizinkamuletsa kulemba. Lamlungu lililonse akabwera kutchalitchi ankakhala pabedi m'kachipinda kake, kuseri kwa nyumba ya mabwana ake ku Bedfordview, n'kumasindikiza foni ndi zala ziwiri, kulemba nkhani yatsopano pa bulogu yake, tsamba la pa intaneti lotchedwa Mizukwa ya ku Joni.

Ubwino wake mayiyu sankanama. Atapita kunyumba yakale ya pamgodi ku Boksburg kumene anthu ankati kumalira mkazi, anapeza nkhunda zili mbwee kudenga, ndipo analemba kuti ndi nkhunda. Ku Thokoza, kumene chinthu chinkagogoda m'khoma, anapeza kuti ndi paipi ya madzi otentha. Zida zake zinali foni, tochi ndi kachipangizo kakuda kogula m'sitolo ya Matchaina, kamene wogulitsa analumbira kuti kamalira mzimu ukayandikira. Kanthuko kankaliradi, koma pafupi ndi firiji basi.

Owerenga ake analipo ngati mazana atatu: alonda, anyamata a m'magadeni, amayi ogwira m'nyumba za azungu, ndi ena kumudzi amene ankafuna kudziwa ngati ku Joni nakonso kumayenda zausiku. Mmodzi wa iwo, dalaivala wa thiraki dzina lake Peterson, sankaphonya kulemba pansi pa nkhani iliyonse kuti, “Mayi inu, mukanangoweta nkhuku.” Tionge ankakwiya pang'ono, kenako n'kuseka. Zoona zake n'zakuti ankasungulumwa. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala kuseri kwa mpanda wamagetsi, kumene geti limatseguka ndi batani ndipo mlendo amalankhulira m'kabokosi. Pakhomo la kachipinda kake sipankabwera munthu. Pa bulogu ndi pomwe anthu ankamulankhula Chichewa, ngakhale chomunyogodola.

Lolemba lina masana, akusita malaya a bwana, foni inalira. Anali Stella, mayi wachizulu amene anagwira ntchito nyumba yoyandikana nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Stella anasiya ntchito mwamuna wake atadwala, ndipo mwamunayo anamwalira mwezi wa Malichi, patangotha chaka chigulireni nyumba ku Wattville. Malemuyo anali Mtswana, dalaivala wa basi wamimba yaikulu ndi phwete losatha. Dzina lake linali Odirile, koma aliyense ankangomuti Odi.

“Sisi, akumabwera,” anatero Stella.

“Ndani akumabwera?”

“Mwamuna wanga. Miyezi iwiri tsopano. Tsiku lililonse ikangodutsa wani koloko, kuseri kwa mpanda, cha pageti lachitsulo lakumbuyo. Kumayamba kuwomba m'manja katatu, pang'onopang'ono. Kenako mawu otsika, otopa, kutchula dzina lake. Odi. Odi. Ndikasuzumira pawindo la kukhitchini, pamwamba pa mpanda sipaoneka mutu wa munthu. Kutsegula ndimaopa.”

Inu amene munabadwira ku Ntaja kapena ku Kasungu mwagwira kale pakamwa, ndikudziwa. Koma mumukhululukire Tionge. Awiriwa ankalankhula Chingerezi. Tionge anali atamuthirirapo tiyi Odirile, anali ataimba nawo pamaliro ake, ndipo m'mutu mwake Odi linali dzina la bambo wa mimba uja. Kuwonjezera apo, munthu amene wafuna chinthu zaka zinayi akamva kuti chapezeka, nzeru zimayamba zapita kokayenda. Mtima wake unagunda ndi chimwemwe, ndipo ayironi inatsala pang'ono kuwotcha kolala ya bwana.

“Koma pali vuto,” anapitiriza Stella. “Mlamu wanga Symon akuti akufa sawomba m'manja. Akuti ndi mfiti kapena wakuba amene akuyesa ngati pakhomo pali anthu. Wapangana ndi amuna anayi a mumsewu mwathu. Lachisanu adzabisala mbali zonse ziwiri za kanjira kakumbuyo ndi zikoti ndi zitsulo. Sisi, ngati ndi Odi, amuthamangitsa, sadzabweranso. Ngati ndi munthu, adzafera pageti langa. Ubwere Lachinayi, usachedwe.”

Lachinayi linali tsiku lake la ofu, ndiye anavomera. Madzulo omwewo analemba nkhani yaifupi pa bulogu: mzukwa woyenda dzuwa lili paliwombo, wowomba m'manja, wotchula dzina la malemu. Dzinalo sanalilembe, polemekeza banja lamaliro. Owerenga anathira ndemanga zambiri. Wina anati athire mchere pageti, wina anati aitane abusa, Peterson anabwerezanso za nkhuku zake. Panalibe amene akanamuthandiza, chifukwa mawu amodzi okha ofunikawo anali atawabisa.

Lachinayi anakwera takisi mpaka ku Benoni, n'kukwera ina yolowa ku Wattville. Nyumba ya Stella inali yazipinda zinayi, yofolera malata, ndipo kumbuyo kunali kachipinda kena kosungiramo matayala ndi zitsulo za malemu. Mpanda wanjerwa unkafika m'mapewa mwa munthu wamkulu. Geti lakumbuyo linali chitsulo chathunthu chopanda kabowo, chokhomedwa ndi loko wamkulu. Kuseri kwake kunali kanjira kafumbi kodutsa otaya zinyalala.

Tionge anapeza Symon ali pakhomo, chikoti chili m'manja, akuchiwongola ngati akuchiphunzitsa ntchito ya mawa. Anali bambo wamtali, wa nkhope yosagona. Sanali munthu woipa, anali atangotopa ndi akuba amene anamuthyolera galimoto kawiri chaka chomwecho. Anamuyang'ana Tionge kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ameneyu ndiye sing'anga wako wa pa intaneti?” Symon anafunsa Stella. Kenako anatembenukira kwa Tionge. “Jambulani lero, sisi. Mawa kujambula ife.” Anaseka yekha n'kumapita.

Amayi awiriwo anakhala kukhitchini. Stella anakankhira pambali makina ake osokera, n'kuika tiyi ndi buledi patebulo, koma panalibe amene anadya. Tionge anaimika foni pawindo kuti izijambula mawu, kachipangizo kake n'kukaika pambali. Nthawi yomweyo kanayamba kulira, Stella n'kudzidzimuka, ndipo Tionge anachita kukasuntha kuti katalikirane ndi firiji. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Msewu unali zii, ana ali kusukulu, akulu ali kuntchito. Chapatali, cha ku Actonville, kunamveka mawu oitanira anthu ku swala yamasana.

Wani koloko inakwana. Inadutsa ndi mphindi khumi, kenako makumi awiri. Tionge anayamba kuganiza kuti nkhaniyinso itha ngati ya nkhunda. Stella anali atagwira mphete yake yaukwati, akuizunguza pachala.

Kenako kunamveka kuwomba m'manja. Sikunali kuwomba kwa pampira. Kunali kwa manja opinda, kofatsa, phu, phu, phu. Stella anamugwira Tionge mkono mpaka zikhadabo kulowa.

“Odiii.”

“Odini! Lowani!”

Anayankha ndi Tionge. Sanaganize, pakamwa panangoyankha pokha, mmene pankayankhira ali mtsikana kwawo ku Mponela, akutsuka mbale kuseri mlendo ataima pabwalo. Mawuwo atatuluka ndi pamene mutu unabwerera m'malo mwake. Anamva manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Zaka khumi ndi chimodzi za mabatani ndi timabokosi zinali zitamuiwalitsa mawu oyamba amene mwana wa ku Malawi amaphunzira akatumidwa kukapempha moto.

Kuseri kwa mpanda mawu aja anati, motsitsa, “Alhamdulillah.”

“Wamuyankha chiyani?” ananong'ona Stella. “Wamuuza chiyani mwamuna wanga?”

“Kiyi wa geti ali kuti? Stella, ndipatse kiyi. Si mzimu uwu, ndi munthu wakwathu.”

Loko anali atachita dzimbiri ndipo anavuta kutseguka. Geti litatseguka, Tionge anayang'ana kutsogolo osaona munthu, kenako anayang'ana pansi. Munsi mwa mpanda munali mkulu wina atanjuta, manja akali pamodzi. Anali wowonda, wandevu zoyera, atavala chisoti choyera cha kumzikiti ndi jekete yaikulu kuposa thupi lake. Masilipasi ake anali osiyana, wina wabuluu wina wakuda. Pambali pake panali kajumbo ka malalanje awiri.

“Mwaswera bwanji agogo?” anatero Tionge, nayenso akunjuta.

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, maso akulengeza misozi. “Ndaswera, mama, kaya inu. Mwayankha. Ndakhala ndikuodira pano masiku ambirimbiri, wondiyankha palibe. Ndimati kapena ndinalakwa kanthu.”

“Nanga osagogoda geti bwanji?”

“Kugogoda n'kwa apolisi, mama.”

“Osaimirira kuti akuoneni?”

Mkuluyo anapukusa mutu ngati wafunsidwa funso lachibwana. “Pano ndi pa apongozi anga. Ndingaime chilili pakhomo pa apongozi? Ndimaodira katatu, akapanda kuyankha ndimabwerera.” Anatola kajumbo kaja. “Mayi akunyumba atuluka kuchipatala? Ndawatengera malalanje, amawakonda.”

Tionge anamugwira dzanja n'kumudzutsa, nati, “Tiyeni mulowe kaye, mumwe tiyi.”

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono, zina zikubwera kawiri, zina zikusowa pakati. Dzina lake anali Che Umar, wa ku Ntaja. Anabwera ku Joni kudzagwira ntchito m'migodi ali mnyamata, mgodi utatsekedwa anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, n'kutchona. Anakwatira mayi wa ku Wattville konkuno, ndipo anakhala naye zaka makumi awiri ndi ziwiri m'kachipinda kakumbuyo kaja, nyumba yaikulu muli apongozi. Apongoziwo anamwalira, mkazinso anamwalira, abale anagulitsa nyumba. Tsopano ankagona kuseri kwa sitolo ina ku Actonville. Mutu unali utayamba kutaya zinthu. Akatuluka mumzikiti masana, miyendo inkamutengera kumene inazolowera.

Stella anali atakhala pasitepe ya khitchini, akuyang'ana mkuluyo akunyika buledi mu tiyi. Tionge anakhala naye pambali n'kumufotokozera. Anamuuza kuti kwawo munthu safika pakhomo la mnzake ngati mbuzi. Amaima chapatali, n'kunena kuti odi, ndipo salowa mpaka wam'nyumba atayankha kuti odini.

“Ndiye sankaitana Odi wanga,” anatero Stella.

“Ayi, sisi. Pepa.”

Stella analira. Analira kwambiri, chifukwa miyezi iwiri yonseyo, ngakhale ankaopa, ankadikira wani koloko ngati mmene ankadikirira kulira kwa geti mwamuna wake akamaweruka. Tsopano anali atamutayanso kachiwiri. Che Umar ataona mayi akulira anasiya kapu, anatulutsa lalanje limodzi m'kajumbo n'kumupatsa ndi manja awiri. Stella analandira, anayang'ana lalanjelo, n'kuyamba kuseka misozi ikali kutsika.

“Miyezi iwiri,” anatero. “Munthu wamkulu chonchi, padzuwa, ine ndili phee m'nyumba ndi Baibulo.”

Stella anamuimbira Symon kuti abwere msanga. Anabweradi akuthamanga, chikoti m'manja, poganiza kuti wakuba wagwidwa. Anaima pakhomo la khitchini n'kuona nkhalamba ya masilipasi osiyana ikupukuta nyenyeswa pandevu. Che Umar anatsika pampando, ananjuta, n'kumuwombera m'manja mwaulemu.

“Mzukwa wanu ndi umenewu, achimwene,” anatero Tionge. “Mawa mukanamenya agogo awa.”

Symon anayang'ana chikoti chake ngati wachipeza m'manja mwangozi. Anachibisa kumbuyo, kenako anachiponya panja. “Eish,” anatero. Pambuyo pake ndi iye amene anamuperekeza mkuluyo pa galimoto mpaka ku Actonville, n'kupita yekha khomo ndi khomo kukauza amuna anayi aja kuti za mawa zalephereka.

Lamlungu limenelo Tionge analemba nkhani yaitali kuposa zonse zimene analembapo. Sanadzibisire. Anati mzukwa wa ku Wattville unali munthu woodira, ndipo iye, mwana wa ku Mponela, anamva mawu akuti odi pafoni osawazindikira. Anati akanangolemba dzina lija Lolemba, owerenga akanamudzudzula tsiku lomwelo, ndipo mkuluyo sakanayandikira zikoti chonchija. Anaika chithunzi cha Che Umar, atawapempha iwo eni ndi akuluakulu a kumzikiti, n'kulemba zochepa zimene ankakumbukira bwino: Ntaja, bambo awo a Che Idi osoka zovala, ndi mwana wamkazi dzina lake Sabra amene anamusiya ali ndi zaka zitatu.

Owerenga anamuseka, inde, ndipo anayenera kusekedwa. Koma anatumizanso nkhaniyo kwa anzawo, anzawo n'kutumiza m'magulu a pa foni a anthu a ku Machinga. Patatha masiku asanu ndi anayi, Tionge akukolopa pabalaza, kunabwera uthenga wamawu kuchokera ku nambala ya ku Malawi. Anali mayi wamkulu ndithu, kumbuyo kukumveka phokoso la msika.

“Ndine Sabra, ndimagulitsa nsomba pa Liwonde. Chithunzi chija azakhali anga achiona, akomoka. Ndi bambo anga amenewo. Ife tinamva kalekale kuti anafera mumgodi. Tinalira maliro, sadaka tinachita, ine ndili sitandade 2. Mayi, sindikukudziwani, koma Mulungu akudalitseni. Muwauze kuti nyumba ilipo.”

Tionge anakhala pansi pomwepo, pa matailosi onyowa a bwana, n'kumvetsera uthengawo kanayi. Kenako anaseka yekha. Zaka zinayi akusaka munthu wakufa amene akuyendabe, ndipo anali atamupezadi, womulirira maliro ndi sadaka yomwe, akuyenda masana ndi malalanje m'kajumbo.

Makalata a ulendo anatenga milungu isanu. Nthawi yonseyo Che Umar sanasiye kubwera ku Wattville, poti mutu wake sunkasunga zoti nyumba inagulitsidwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano Stella ankachotsa loko isanakwane wani koloko. Mawu aja anawaphunzira, ngakhale ankawakoka mwachizulu. Mkuluyo ankalowa, kumwa tiyi, kufunsa za mkazi wake, ndipo Stella ankamuuza za Odirile. Aliyense ankakamba za wake, m'chinenero chosakaniza, ndipo ankamvana mokwanira.

Za mayendedwe anazitha ndi Peterson. Analemba pansi pa nkhani ija kuti thiraki yake inyamuka pa 14 kupita ku Blantyre, mpando wakutsogolo ulipo, ndipo akawatula yekha agogowo m'manja mwa mwana wawo. Pamapeto anawonjezera kuti, “Za nkhuku zija muiwale, mayi.” Tionge anamuyankha mawu amodzi okha, zikomo.

Patapita masiku anayi chinyamukireni, Sabra anatumiza kavidiyo kogwedera. Che Umar anali atatsika galimoto n'kukana kulowa pabwalo. Ananjuta m'mphepete, pafupi ndi mtengo wa mango, n'kuwomba m'manja katatu. Sanamalize n'komwe kuodira. Anthu onse amene anali pakhondepo, amayi, ana, nkhalamba, anayankha pamodzi, ndipo foni inagwa pansi n'kumajambula miyendo ya anthu akuthamanga. Tionge anaika kavidiyoko pa bulogu, n'kulemba pansi pake kuti akuthokoza aliyense amene anatumiza nkhani ija kwa mnzake, akuthokoza Stella poimba foni Lolemba m'malo modikira Lachisanu, ndipo akuthokoza mayi ake omubereka, amene anamukhomerera mawu aja pakamwa mwakuti anatuluka okha mutu utaiwala.

Sabata yotsatira Stella anaimbanso. Sanali ndi mantha ulendo uno, koma mawu ake anali ofooka.

“Kuli zii, sisi. Wani koloko ikakwana ndimapezeka ndaika makapu awiri.”

Tionge anamutonthoza mmene akanathera, koma foni itaduka mawuwo anamukhala pamtima. Ankadziwa bwino kukhala m'nyumba imene pakhomo pake sipabwera munthu.

Lachinayi anasiya tochi ndi kachipangizo kaja pabedi. Anakwera takisi ya ku Benoni, n'kukwera ina ya ku Wattville, ndipo pa renki ya matakisi anagula malalanje awiri. Sanadzere kumaso kwa nyumba. Anazungulira kanjira kafumbi kaja, nafika pageti lachitsulo wani koloko itangodutsa. Anakonza chitenje chake, ananjuta munsi mwa mpanda, n'kuwomba m'manja katatu.

“Odiii.”

M'khitchini munagwa supuni. Kenako kunamveka mapazi othamanga, ndi mawu a Stella, okweza mpaka agalu a nyumba yachitatu anauwa.

“Odini! Odini, sisi, lowa! Geti n'losakhoma.”